Bweza Mau Anga

Kafue Estates
4 Malichi 2024

Mlongo wanga Rabecca,

Moni wochokera kuno kwathu, kumene malaiti akubwera ngati mkamwini wamanyazi, kungosuzumira pakhomo n'kubwerera. Ine ndili bwino, ana asukulu akadali kundidya ubongo. Amai thupi lili bwino, koma mtima uli pamoto, ndipo wasonkhezera ndiwe. Ndalemba papepala n'kujambula ndi foni chifukwa Amai akuti nkhani yolemera sailemba ndi zala ziwiri.

Nkhani ya kafukufuku wako ija, imene yatuluka m'magazini ya akatswiri, ndinakaipulinta ku tauni. Loweruka ndinapita nayo kumsika, ndinakhala pakireti pafupi ndi tebulo la Amai, n'kuyamba kuimasulira m'Chinyanja. Digiri yanga ya uphunzitsi inapeza ntchito tsiku limenelo. Azimai a nsomba anandizungulira, ena mipeni ili m'manja.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinawerenga mmene kale azimaiwa ankapitira kudoko la Chanyanya n'kukapeza mabwato opanda kanthu, tsiku lonse n'kupita pachabe. Ndinawerenga za gulu lawo la pa WhatsApp, mmene asodzi amatumizira mau apakamwa popeza ambiri sawerenga, ndi lamulo lija loti nsomba ijambulidwe pambali pa bokosi la machesi kuti msodzi asasandutse kamwana ka mlamba kukhala ng'ona. Msika wonse udziwa kuti gululo anayambitsa ndi Amai, nzeru ya machesi ndi yawonso. Anali kugwedeza mutu ngati bishopu.

Kenaka ndinafika poti: "P3 anati, 'Foni sinama, wonama ndi amene waigwira.'"

"Ima pomwepo," anatero Amai. "Mau amenewo ndi anga. P3 ndi ndani?"

"Ndinu, Amai."

"Ine? Unawamvapo malemu atate ako akundiitana kuti P3? Ndine nambala ya basi ine?"

Ndinafufuza dzina loti Felistus Njobvu tsamba ndi tsamba. Ndinapeza lako, la apulofesa ako, ndi la azungu ambirimbiri amene chibadwire sanapalepo mamba a nsomba. La Amai mulibe.

Zikanathera pomwepo. Koma Lamlungu Ba Juliet, a tebulo loyandikana ndi la Amai, omwe aja anakangana nawo chifukwa cha ambulera, anaimirira kutchalitchi kwawo kupereka umboni. "Aleluya! Mulungu wandikweza! Ndalowa m'buku ku South Africa! P3 ndine!" Mpingo unaomba m'manja, mnyamata wa kiibodi anakoka nyimbo, abusa anawaika manja. Nkhani inawapeza Amai asanavule chitenge cha ku Misa. Manje makasitomala akumafika pamsika n'kumafunsa kuti, "Tebulo la Ba P3 ndi liti?" Ndipo sakuloza la kwathu.

Uthenga wa Amai ndi wachidule: konza. Chotsa nambala, ika dzina. Wanga ndi wakuti ukapeza wobwera kuno unditumizireko pawabanki, ndatopa kukachajira foni kwa ometa tsitsi.

Mlongo wako wozunzika chifukwa cha maphunziro ako,
Humphrey


Pretoria
9 Malichi 2024

Ba Humphrey,

Moni. Ndili bwino, kapena ndinali bwino ndisanatsegule kalata yanu. M'banja mwathu muli anthu awiri a digiri, ndipo mmodzi mwa iwo anaona kuti ndi nzeru kukalengeza kafukufuku wanga pamsika ngati uthenga wa maliro pa wailesi. Ndinakutumizirani kuti munyadire, osati muchititse msonkhano.

Mvetserani, aphunzitsi. Munthu asanayambe kufunsa anthu mafunso, amalonjeza pamaso pa komiti ya yunivesite yoteteza ofunsidwa kuti sadzatchula dzina la aliyense. Aliyense amapatsidwa chilembo ndi nambala. Si chipongwe, ndi chishango. Mukanawerenga mpaka tsamba naini mukanaona chifukwa chake, koma ndikudziwani, munawerenga mpaka pamene njala inakugwirani.

Patsamba naini P3 akufotokoza zimene gulu limachita nyengo ya bani, boma likatseka mtsinje kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Akuti mau apakamwa amaleka, pamangoyenda zithunzi za ndiwo zamasamba. Chithunzi china chimatanthauza kuti bwerani, nsomba zilipo. China chimatanthauza kuti khalani kunyumba, bwato la oyendera mtsinje lili pafupi. Kwa ife a maphunziro a kayendedwe ka uthenga, pamenepo ndiye pali mtima wa nkhani yonse: azimai anamanga njira yawoyawo, yosintha ndi nyengo, popanda injiniya. Kwa munthu wa yunifomu, pamenepo pali munthu wovomera mlandu.

Ndinabisa zonse zimene ndikanatha. Kafue ndinaitchula kuti "tauni ina ya m'mbali mwa mtsinje." Ngakhale matimati a pazithunzi zija ndinawasandutsa anyezi. Ndiye mukufuna pamwamba pa zonsezo ndilembe dzina la amai anga, pa intaneti, pamene sipafufutika?

Auzeni Amai kuti buku lalikulu la digiri ndikupereka kumapeto kwa Epulo. Kutsogolo kwake kuli tsamba lothokoza. Dzina lawo lidzakhala loyamba, pamwamba pa la apulofesa.

Za Ba Juliet, sindinganene kuti ndi P chiyani, lonjezo lomwelo landimanga pakamwa. Ndingoti Mulungu amamva maumboni ambiri ndipo ndi woleza mtima.

Miyendo ya Amai ikutupabe? Musandibisire. Pawabanki mudzaiona mukaphunzira kuwerenga nkhani mpaka kumapeto.

Rabecca


Kafue Estates
24 Malichi 2024

Rabecca mwana wanga,

Ndalemba ndekha ndi dzanja langa lonunkha nsomba. Ukanunkhiza foni yako umva. Uli bwanji? Ukudya nshima kumeneko, kapena mabuku chabe? Miyendo yanga isiye, ikundifikitsa kumene ndifuna.

Kalata yako mlongo wako anaifungatira masabata awiri ngati nkhuku pamazira, kuopa pakamwa panga. Dzulo ndinachita kumulanda foni. Tsamba naini wandiwerengera monong'ona ngati muli dzina la mfiti. Nanga chachilendo n'chiyani? Ndinakamba ndine, masana, kamakina kako kali patebulo. Inu awiri munapita kusukulu ndi nsomba za miyezi yonse ya pachaka. Mimba ya mwana siidziwa bani.

Za tsamba lothokozalo, Humphrey wandionetsa la m'buku lake. Pali Mulungu, pali malemu atate anu, pali kamtsikana kena kamene kanamusiya kalekale. Ndiye undiike pamenepo, pakati pa akufa ndi othawa? Zikomo amanena kwa munthu amene wakuphikira tiyi. Ine sindinakuphikire tiyi, ndinakupatsa nzeru.

Ndamufunsa Humphrey kuti maina a azungu odzaza kumapetowo ndi a chiyani. Akuti munthu akanena kanthu kanzeru, mumalemba dzina lake ndi chaka chimene ananena, mukapanda kutero ndinu akuba. Ehe! Mzungu akakamba mzere umodzi, dzina ndi chaka. Felistus akakamba mpaka kummero kuuma, nambala ngati mkaidi. Ndiye wakuba ndani apa?

Ndikuuze chimene ndikuona pansi pa chishango chakocho. Uli ndi manyazi. Kumeneko uli pakati pa ana a madokotala, sufuna adziwe kuti Njobvu wa pachikuto ndi Njobvu wa pamsika ndi magazi amodzi. Ine ndikadzafa, adzukulu anga adzamva kuti gulu anayambitsa ndi Juliet, munthu amene mpaka lero amajambula chala chake m'malo mwa nsomba.

Tsiku lija usanayatse kamakina unandiuza chinthu, ndipo sindinaiwale. Unati mau ndi anga, ndikawafuna ndingawatenge nthawi iliyonse, osapereka chifukwa. Ndawafuna manje. Bweza mau anga. Za m'magazini zinapita kale, koma m'buku lalikululo P3 asaonekemo, ngakhale kutsokomola kwake. Ukafuna mau, apite ndi mwini wake.

Amako


Pretoria
28 Malichi 2024

Amai,

Ndakupatsani moni ndi maondo onse awiri, koma mundilole ndiyankhe nditaimirira.

Manyazi? Ine? Tsiku loyamba kuima pamaso pa ophunzira anzanga ndi mapulofesa, ndinaonetsa chithunzi cha tebulo lanu, ntchentche ndi zonse, n'kunena kuti ndinaphunzira masamu pobweza chenji pamenepo. Mnyamata wina anaseka. Mpaka lero akandiona m'khonde amatembenuka. Pakamwa pamene ndinamuyankhira mukupadziwa kumene ndinapatenga. Munganditchule wouma mutu, wamwano, wosaimba foni Lamlungu, ndivomera. Koma limenelo la manyazi mulibweze, monga inu mukufunira mau anu.

Tsopano mumve chimene mwachita. Lonjezo lija ndi loona, ndipo mukanenetsa ndichotsa. Koma P3 ndiye mzati wa mutu wachisanu, ndipo mutu wachisanu ndiye buku. Akachoka, Epulo uno sindipereka kanthu. Zaka zonsezi ndidzabwera nazo m'sutikesi, mudzandipatse kampando pambali panu ndizikupalirani mamba. Sindikunena kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna mudziwe kulemera kwa mwala umene mwanyamula.

Komabe usiku umene ndinawerenga kalata yanu, funso lanu la wakuba linandikhala pakhosi ngati munga wa mlamba. Lachiwiri ndinapita kukomiti. Apulofesa anga anati ndisapite, lamulo silinasinthidwepo chifukwa cha munthu mmodzi. Ndinapita.

Wapampando, mai waulemu wa magalasi, anandifunsa kuti, "Kodi wofunsidwayo akumvetsa kuopsa kwake?"

Ndinati, "Akumvetsa kuposa ine amene ndinalemba. Akuti tinamuteteza popanda kumufunsa ngati akufuna kutetezedwa."

"Ndiye mukufuna titaye lamulo chifukwa ndi amai anu?"

"Ndikufuna mundiuze chifukwa chake wina timamutchula dzina ndi chaka, wina nambala, pamene onse anatipatsa nzeru."

Anandiuza kuti ndikadikire panja. Atandiitananso, anati dzina lanu likhoza kulowa. Koma anaika chinthu chimodzi, ndipo Amai, ndayesa kuchitsutsa m'mutu mwanga, ndalephera, chifukwa akunena zoona. Dzina lanu likatuluka, tauni yadziwika, msika wadziwika, gulu ladziwika. Azimai ena onse amene ndinawafunsa atsala pambalambanda, pamodzi ndi tsamba naini, pamene iwo ndinawalonjeza chinsinsi. Ndiye aliyense wa iwo avomere yekha, ndi mau ake, pa foni. Mmodzi akakana, zatha.

Mukuwadziwa onse, munawaitana ndinu. Inde, Amai, ndi Ba Juliet omwe. Yankho lifike pasanathe pa 15 Epulo.

Mwana wanu wouma mutu,
Rabecca


Kafue Estates
8 Epulo 2024

Dokotala wam'tsogolo,

Moni. Ndatha nsapato chifukwa cha iwe. Ine amene ndinalakwa kuwerenga pamsika ndine amenenso ndasanduka wonyamula foni pa ulendo wopempha mavoti. Pamapeto pa buku lako undilembe, nambala iliyonse ndilandira.

Tinayambira kwa Ba Juliet. Amai anavala chitenge chatsopano, ananyamula mlamba wouma waukulu ngati mkono wanga. Tinawapeza pakhonde akutsuka mabeseni.

"Odi, Ba P3," anatero Amai.

"Lowani, Amake Humphrey. Mwabwera kudzapemphereredwa?"

"Ndabwera kudzapempha."

Rabecca, ndinagwira chipilala. Chibadwire sindinamvepo liu limenelo likutuluka pakamwa pa Amai. Ba Juliet nawonso beseni linawapulumuka. Amai anafotokoza zonse ali chiimire, osachotsa, osawonjeza, ndi za tsamba naini zomwe.

"Za bani?" anatero Ba Juliet. "Ndani pamsika paja sanagulitsepo? Atimange tonse, tikatsegule msika kundende. Koma lanu likalowa, langanso lilowe. Ndipo zija ndinakamba kutchalitchi musazikumbe. Unali Mzimu."

"Mzimu wake unasokoneza nambala," anatero Amai.

"Mlambawo mwabweretsera ine, kapena mwangouyendetsa?"

Anaseka onse awiri, koyamba chiyambire nkhondo ya ambulera. Ba Juliet anavomera pa foni ndi mau a umboni, mpaka ndinawadula asanayambe malilime. Enanso pamsika anavomera mosavuta. Wina akufuna chithunzi chake chilowe, wina akufunsa ngati bukulo lidzafika kwa apongozi ake ku Katete.

Anatsala Sharon, wamng'ono pa onse, uja amakhala ku Chanyanya. Ukumukumbuka, Amai ndiwo anamuphunzitsa malonda atangokwatiwa, beseni loyamba anamupatsa ndi iwo. Tinapita Loweruka. Tinamupeza akuyanika nsomba pathandala, mwana kumsana. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chitenge.

"Amai," anatero, "ine ndinakamba chifukwa Ba Rabecca anati palibe adzadziwa."

"Ndiye ndabwera kudzakufunsa."

"Amuna anga Ba Elijah anayamba ntchito mu Januwale. Akuyendetsa bwato la oyendera mtsinje. Mabwana awo akamva kuti mkazi wawo ali m'gulu la matimati, adzati ndi iwo amatiuza kumene bwato likupita."

"Nanga si iwo?"

Sharon anangomasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa, pamene mwanayo sanali kulira.

Kenaka anati, "Mukandiuza kuti ndivomere, ndivomera. Ndinu amai anga. Bweretsani foni, Ba Ticha."

Ndinatulutsa foni. Amai anaiyang'ana, anamuyang'ana Sharon, n'kunena kuti, "Tiye, basi itisiya." Kunalibe basi iliyonse, tinaidikira mpaka miyendo kuuma. Njira yonse sanakambe kanthu, ngakhale kondakitala atawaponda phazi. Ndi pamene ndinachita mantha.

Mpaka lero sananene ngati abwerera kwa Sharon, ndipo sananenenso kuti akubwezera mau. Akadzuka, kumsika. Akabwera, kugona. Ndikawafunsa akuti ndikakonze mayeso a ana. Sindikubisira, mlongo wanga, konzekera zonse ziwiri. Ndipo uziimba Lamlungu.

Humphrey


Kafue Estates
13 Epulo 2024

Rabecca,

Uli bwanji mwana wanga? Humphrey akuti waonda, wakuona pa foni. Idya. Buku silidzakunyamula ukagwa.

La manyazi lija ndalibweza. Ndinakamba ndi mkwiyo. Usazolowere, sindibweza kawiri pachaka.

Kwa Sharon sindibwererako. Mwana uja akanavomera, ndinaona pakamwa pake patatseguka kale. Koma kuvomera kwa munthu amene unamupatsa beseni si kuvomera. Ndikanatenga dzina langa ndi ntchito ya mwamuna wake, bwenzi ndikulimva kununkha nthawi iliyonse wina akalitchula. Auze a komiti ako kuti mmodzi wakana. Usawauze kuti ndani, ndipo asayerekeze kuganiza kuti apambana. Iwo Sharon samudziwa. Anateteza nambala, munthu ndateteza ndine.

Mau anga ndakubwezera. P3 akhale m'buku, ndi tsamba naini lomwe, usachotse kanthu. Pereka buku lako, ubwere ndi chipewa chija cha ngodya zinayi, ndidzachivale pamsika tsiku lathunthu.

Juliet ndamuuza kuti maina salowa. Wakwiya, akuti ndamudyera mwayi, ndipo wayambiranso kuyankha makasitomala akaitana P3. Musiye. Tsiku limene adzafike a yunifomu kudzafunsa kuti P3 ndi uti, tidzaona ngati Mzimu udzamugwirenso.

Koma usaganize kuti ndakupatsa ulere. Humphrey akuti m'mabuku anu mumakhala timalemba tating'ono pansi pa tsamba, pamene mumaika zimene zakana kukwana pamwamba. Pamene P3 akuyamba kukamba, pansi pake ulembe izi, m'Chinyanja, monga ndalembera. Wofuna kumva afune womumasulira.

"P3 ali nalo dzina. Anafuna kuti lilembedwe, ndipo saopa munthu. Palibe amene wamulanda. Walibisa yekha chifukwa cha mnzake."

Usakongoletse, usafupikitse. Ukasintha liu limodzi ndidzadziwa, ndipo ulendo uno ndidzabwera ndekha kudzatenga mau anga, pa basi, ndi beseni langa. Apulofesa ako akati zotere sizilembedwa m'mabuku a yunivesite, uwauze kuti zayamba ndi lako. Akalimbalimba, uwapatse nambala yanga ya foni, aimbe m'mawa ndisanapite kumsika.

Ndine amako,
Felistus Njobvu